Perefyumu wa m'katoni ya kaseti uja, ndigule kapena ayi?

Wa ku Chibavi: Akuluakulu mwamuona perefyumu wa amuna watsopano wafika m'tauni uja? Katoni yake anaipanga ngati kaseti yakale ija, ukatsegula botolo lagona pomwe pamakhala tepi, chivindikiro ngati kabatani ka voliyumu, kumbuyo aikako QR code yoti ukasikana ikutsegulire nyimbo. Ndi 100ml koma mtengo wake pafupifupi theka la malipiro anga, ndithandizeni nzeru.

Wa ku Luwinga: Aise kaye, pabotolo alemba chani? Ngati ndi eau de toilette mafuta onunkhirawo amakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti, eau de parfum ndiye 15 mpaka 20 ndipo amakhalitsa. Pa mtengo umenewo akhale eau de parfum basi.

Wa ku Zolozolo: Ine ntchito yanga ndi ya zosindikiza, ndinapita dala kukaigwira katoniyo ndipo aliyense amene anaijambula amadziwa ntchito. Si zongokongoletsatu, opanga perefyumu amayankhula ngati oimba, amati top notes, middle notes, base notes, ndiye iwo alemba fungo ngati mndandanda wa nyimbo, Side A zamandimu zimene zimamveka koyamba n'kuzilala msanga, Side B sandalwood ndi musk zotsalira pamalaya mpaka madzulo. Zinandikumbutsa makaseti a madala anga tinkabweza ndi bolopeni aja. Koma chilungamo chake katoni yolimba choncho, ya maginito ndi zilembo zagolide, imadya ndalama ndipo wolipira ndiwe.

Mayi wa ku Katoto: Achimwene katoni simuvala. Ndalama yomweyo kumsika wa Taifa mupeza awiri a ku Dubai onunkhira bwinobwino, chenji mugule bandulo.

Wa ku Zolozolo: Zoona mayi koma katoni ili ndi ntchito, perefyumu amaonongeka ndi dzuwa komanso kutentha, ambirife timaika botolo pawindo kenako tizidabwa kuti fungo lasintha. Katoni yokongola sutaya, botolo limabwereramo.

Wa ku Luwinga: Komanso muone kanambala kali pansi pa botolo kafanane ndi ka pakatoni, kuopa kugula feki. Ine ndinagulapo wina bokosi lowala zedi, kufika pa depoti fungo latha, zinandiwawa mpaka lero.

Mayi wa ku Katoto: Ngati ndi mphatso ya munthu wokonda nyimbo ndikuvomera, angasunge zaka. Koma wodzola wekha popita kuntchito ayi ndithu.

Wa ku Chibavi: Ndi wanga mayi, koma kaseti ija yandigwira mtima sindinama. Loweruka ndikapempha tester andipopere padzanja, ndikazungulire mumsika ndikadye nkhomaliro, ikamakwana 3 koloko ndinunkhize. Side B ikakhala ikumvekabe ndikatenga, ndifunsanso ngati ali ndi wa 50ml m'katoni yomweyo.

Wa ku Zolozolo: Mukatenga mundibwereke katoniyo tsiku limodzi man, ndikufuna ndione mmene anapindira mkatimo.