Timu yanga yagawikana chipitireni namondwe wa Freddy, ndiyibweze bwanji pamodzi?

Admin, chonde mundibisire dzina, abwana anga ali pagulu lino.

Ndimayang'anira timu yaing'ono pa kampani ina yosunga mabuku a ndalama za mabizinesi. Ofesi tinaisiya nthawi ya Covid mu 2020, aliyense amagwirira kunyumba: ena ku Lilongwe, mmodzi ku Mzuzu, ambiri ku Blantyre. Zinkayenda bwinobwino pa WhatsApp ndi pa Zoom mpaka mwezi uno wa Malichi 2023, pomwe namondweyu anafika.

Mtsikana wathu wina amakhala ku Chilobwe. Matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ya azakhali ake, aika maliro, ndipo otsala onse ali kwa iye. Mnyamata wina makolo ake ali ku Mulanje, mpaka pano maganizo ake ali komweko. Magetsi ndiye musanene. Siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira inawonongeka kale ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, apanso Nkula ndi Tedzani anazizimitsa madzi atabwera ndi zinyalala. Laputopu ikathima, yathima.

Koma makasitomala akufunabe msonkho wawo wa VAT upite ku MRA pofika pa 25 mwezi uliwonse monga mwa nthawi zonse. Ntchito yonse ndinaikankhira kwa a ku Lilongwe ndi wa ku Mzuzu. Poyamba anavomera ndi mtima wonse. Pano ayamba kung'ung'udza kuseri kuti ena akubisala kumbuyo kwa namondwe chonsecho kwawo madzi sanafikeko. A ku Blantyre nawo akuti chomwe amamva kwa ife ndi "fayilo ija ili pati?" basi. Pagulu lathu la WhatsApp pomwe tinkaseka za Bullets ndi Manoma pangoti zii. Abwana akuti aliyense aziyatsa kamera pa msonkhano kuti tidziwe amene akugwiradi ntchito. Ine mtima wanga ukukana. Akuluakulu, ndithandizeni nzeru.

Mayi wa ku Area 25: Funso langa ndi limodzi, achimwene kapena achemwali. Chipepeso munasonkha? Mukanakhala mu ofesi, pepala likanazungulira tsiku lomwelo, awiri atatu akanakwera basi kukakhala nawo pamaliro. Poti simuonana, palibe amene anayambitsa, ndipo mtsikanayo anaona zimenezo. Sonkhani lero pa Airtel Money kapena Mpamba, koma ndalamayo isangolira mu foni mwake. Wina wa ku Blantyre komweko apite nayo pamanja, ndi ufa ndi zofunda, akakhale pansi apepese m'dzina la nonse.

Bambo wina wa ku Zomba: Za kamerazo akanizeni abwana mwaulemu. Munthu ali ndi alendo khumi m'nyumba ya zipinda ziwiri, mukufuna muone chiyani? Komanso vidiyo imadya bandulo, ndipo netiweki yake ikuvuta kale. Ngati kampani sigula bandulo, isalamule za kamera. Muziyeza ntchito yomwe yatuluka.

Mlongo wa ku Mzuzu: Ine ndiyankhulireko otopawo, poti aliyense pano awaona ngati ouma mtima. Sali choncho. Munthu amapirira katundu wa mnzake akadziwa kuti adzamutula liti. Inu munangowasenzetsa osanena kuti mpaka tsiku lakuti. Auzeni tsiku, alembereni masiku opuma oti adzatenge zinthu zikakhazikika, ndipo abwana anene okha pakamwa pawo kuti akuona zomwe anthuwa akuchita. Komanso zoona zake, si onse a ku Blantyre amene akhudzidwa mofanana. Wa ku Namiwawa amene vuto lake ndi magetsi okha asalowe gulu limodzi ndi wa ku Chilobwe. Muimbireni aliyense payekha, osati pagulu, mumve zake, kenako mugawe ntchito poyera aliyense akuona.

Mnyamata wa ku Bangwe: Amene vuto lawo ndi magetsi, pezani nyumba ya mmodzi yemwe ali ndi sola kapena jenereta, azikumana kumeneko m'mawa, kampani izigula mafuta. Ife tinkatero chaka chatha magetsi atavuta. Nkhani zambiri zinkathera pa tiyi pomwepo.

Mayi wa ku Area 25: Eya, koma mtsikana wa ku Chilobweyo musamuitanireko. Musiyeni kaye.

Mwini funso: Zikomo nonse. Za chipepeso ndayamba kale, a ku Lilongwe ndi amene atumiza koyamba. Mlongo wa ku Mzuzu, makasitomala niwauze zoona kuti tichedwa ndi ena mwa mabuku awo, kapena zimenezo ndisiyire abwana? Ndikuopa kuoneka ngati ndawadumpha.

Mlongo wa ku Mzuzu: Lembani mndandanda wa ntchito zomwe sizingadikire, monga VAT ndi PAYE (msonkho wa pa malipiro), ndi zomwe zingafike mu Epulo popanda chilango. Mupite nawo kwa abwana, uthengawo atumize iwowo.