Ndithandizeni, Mechanics yandikhala pakhosi ndipo mayeso ayandikira

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, mutu wanga waima. Ndili chaka choyamba pa maphunziro a zauinjiniya. Ku sekondale fizikisi ndi masamu ndinkakhoza, anzanga ankachita kudzafunsa kwa ine, koma kuno yatha masabata atatu palibe samu ya incline, ija ya bokosi lotsetsereka pa thabwa lopendekeka, ngakhale imodzi yomwe yankho langa lafanana ndi la kumapeto kwa buku. Ndimawerenga mpaka 2 koloko usiku. Mnzanga wa m'chipinda amaonera mafilimu mokweza, ndikamudandaulira amati ndikapeze chipinda changa. Aphunzitsi athu dzanja lina limalemba pa bolodi, lina likufufuta, ukakweza mkono amati zimenezo munaphunzira kale. Pagulu lathu lowerengera limodzi tilipo asanu, koma atatu amangobwera kudzajambula ntchito yanga pa foni, yolakwika yomweyo, kenako n'kumandinena kuti ndawagwetsa. Amalume omwe amandilipirira sukulu amaimba Lamlungu lililonse kufunsa magiredi, ndipo ndawanamiza kale kawiri kuti zili bwino. Calculus yokha ndiyo ikuyendako. Mayeso ndi Lachisanu la sabata yamawa. Formula ndikuidziwa, ndaifananitsa ndi ya m'notsi kakhumi konse. Ndiye ndikulakwitsa pati? Kapena mutu wanga si wa zimenezi, ndisinthe kosi nthawi ikadalipo?

Chaka Chachitatu: Pepani achimwene. Koma samuyo ili kuti? Tiikireni funso lonse ndi mmene mwawerengera, mzere ndi mzere.

Mkulu wa Milatho: Mwana wanga, ndamva pamene wati "formula ndikuidziwa" ndipo vuto lako ndaliona pomwepo. Mechanics ilibe formula yoloweza. Ili ndi malamulo atatu a Newton, omwe anawasindikiza mu 1687, ndipo mpaka lero sanaonjezekere. Tenga pepala loyera. Jambula bokosi lako lokha, uchotse phiri, uchotse chingwe, litsale lokhalokha. Kenako ika mivi: kulemera mg (m ndi mass ya bokosi, g ndi gravity) kuloza pansi penipeni, N, mphamvu yomwe thabwa limakankha nayo bokosi, kutuluka molunjika pa thabwa, friction kutsutsana ndi komwe bokosi likupita. Ukatero gawa mg pawiri, mg sin θ motsata kutsetsereka, mg cos θ kukanikiza thabwa, θ ndiye angle ya kupendekeka kwa thabwalo. Formula imene ukuilowezayo imabadwa yokha pamenepo. Ine ndagwira ntchito ya milatho mpaka kupuma, ndipo sindinasainirepo chojambula cha munthu amene sangandionetse free body diagram, chithunzi cha mivi ngati chimenechi. Ana a masiku ano mumathamangira calculator pensulo isanakhudze pepala.

Wa Magetsi: Bambo, nthawi zonse mukalowa pano mumayamba ndi "ana a masiku ano". Mnyamatayu wanena kuti mphunzitsi amafufuta asanakopere. Mphwanga, pita pa YouTube, MIT OpenCourseWare ili ndi kosi yonse ya Classical Mechanics yaulere, nambala yake 8.01. Khan Academy nayo imafotokoza za incline pang'onopang'ono. Kanema umamuimitsa, umamubweza, sakukalipira.

Mkulu wa Milatho: Kuonera munthu akusambira si kusambira. Adzaonera makanema khumi, adzagwedeza mutu kuti wamva, tsiku la mayeso pepala lidzamuyang'ana iye n'kumaliyang'ana.

Wa Magetsi: Ine ndinamaliza ndi makanema omwewo ndipo ntchito ndikugwira.

Mkulu wa Milatho: Ya mawaya. Waya sugwera anthu pamutu ngati mlatho.

Wa Magetsi: Mukagwire waya wa magetsi wa 11 kV ndi dzanja mudzatiuze.

Kadzidzi: Inetu ndakhalira pa mnzanu wa mafilimuyo. Mumubisire chaja masiku atatu, muona Mechanics ikulowa yokha 😂

Ndinabwereza: Nkhani yako yandikumbutsa zanga, mpaka mtima wawawa. Ine chinandigwetsa ndi Calculus ya chaka choyamba, makamaka integration by parts. Ndinkasankha molakwika gawo loti likhale u wa mu formula, samu m'malo mofupika inkangotalika, tsamba lonse kudzaza. Ndinkachita manyazi kufunsa chifukwa kwathu ankanditenga ngati wanzeru wa banja lonse. Ndinalephera, ndinalemba supplementary, ndinalepheranso, ndinabwereza chaka. Tsiku lokawauza mayi anga ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndisanagogode. Anzanga awiri anawidedwa chaka chomwecho. Za amalumezo usapitirize, bodza la magiredi limakula ngati chotupa. Auze Lamlungu likubwerali kuti phunziro limodzi lakuvuta.

Mayi wa Anyamata Awiri: Mwanawe, 2 koloko usiku ukufuna chiyani? Ubongo wotopa umalemba 6 pomwe pali 9. Ndiponso kunamiza munthu amene akudzimana kuti iwe uphunzire ndi chinthu choipa, usadzachitenso. Anzako ojambula ntchitowo asiye, si anzako.

Chaka Chachitatu: Ndikubwerezanso, tiikireni samuyo. Tikungoombeza apa.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Amayi, ndamva, ndiwauza amalume. Bambo, chithunzi ndimajambula, mwina osati bwino. Foni yanga kamera inasweka ndiye sindingathe kujambula pepala. Koma mwachitsanzo dzulo buku likuti 3.2 ine ndapeza negative 10. Mnzanga uja wabweranso ndi alendo awiri m'chipinda.

Mkulu wa Milatho: 3.2 chiyani? Mbuzi? Negative 10 chiyani? Apa ndiye pagona nkhani yonse! Nambala yopanda units si yankho. Mu 1999 NASA inataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkapereka manambala mu pound-force seconds pomwe linzake linkawawerenga ngati newton seconds. Pound-force imodzi ndi pafupifupi ma newton 4.45. Chombo chinayandikira Mars mopitirira muyeso, osamvekanso. Amenewo anali akatswiri, nanga iwe wa chaka choyamba? Ndikukuuza, penapake wasakaniza magalamu ndi makilogalamu, kapena masentimita ndi mamita. Lemba units pa mzere uliwonse. Uliwonse!

Dalaivala wa Thiraki: Ine sukulu yanu sindinafike, koma pa mtsetse galimoto yodzaza katundu imathamanga kuposa yopanda kanthu. Mwina mnyamatayu waiwala kuika kulemera kwa bokosilo.

Wa Magetsi: Ayi achimwene, pa samu iyi kulemera kumafafanizika. ma = mg sin θ − μmg cos θ, m ali mbali zonse, amachoka, kutsala a = g(sin θ − μ cos θ), pomwe a ndi acceleration ndipo μ ndi nambala yoyeza friction. Bokosi la 2 kg ndi la 200 kg amatsetsereka mofanana. Za thirakizo n'zoona koma kumeneko kuli mphepo yokankha ndi mabuleki, ndi nkhani ina. Ndipo Bambo a milatho, poti m wachoka, magalamu anuwo alowa pati?

Mkulu wa Milatho: Ndati "kapena masentimita". Uziwerenga mpaka kumapeto.

Wa Magetsi: Mu g(sin θ − μ cos θ) muli masentimita?

Mphunzitsi wa Masamu: Ndiponyepo kamodzi. Musamalowetse manambala koyambirira, yendani ndi zilembo mpaka mzere womaliza. Mukafika pamenepo yesani yankho ndi nzeru wamba. Thabwa likaimirira chilili, θ ndi 90, a ayenera kukhala g, 9.81 m/s². Chinthu chotsetsereka chokha pa thabwa sichingapose pamenepo. Ndiye 10 wanuyo akukuuzani yekha kuti china chake chalakwika, musanatsegule n'komwe kumapeto kwa buku. Onaninso ngati bokosilo likuyenda n'komwe: tan θ ikachepera μ ya static, ya bokosi lisanayambe kuyenda, limangokhala phee.

Kadzidzi: Negative 10 ndiye kuti bokosi likukwera phiri lokha, kuthawa mayeso 😂

Chaka Chachitatu: Dikirani kaye. Achimwene, mwati Calculus ikuyenda, ndipo vuto layamba masabata atatu apitawo. Ndayesa kulingalira funso lanu. Ngati θ ndi 30 ndipo μ ndi 0.2, ndiye 9.81 × (0.5 − 0.173) imapereka 3.2 m/s², yankho la buku lija. Tsopano ndasintha calculator yanga kuiika pa radian, muyeso wina wa angle m'malo mwa madigiri. Sin 30 yatuluka −0.988, cos 30 yatuluka 0.154, ndipo yankho lonse labwera −10.0. Ndi nambala yanu ndendende. Ku Calculus amatiuza tiike pa radian chifukwa derivative ya sin x imakhala cos x pokhapokha x ali mu radian. Mukaiwala kubweza, calculator imatenga 30 ngati ma radian 30, omwe ndi madigiri pafupifupi 1719. Yang'anani pamwamba pa sikirini, pali kachilembo kakang'ono, D kapena R. Ngati ndi Casio fx-991ES dinani SHIFT, MODE, kenako 3. Mukatero lembani sin 30, ikupatseni 0.5.

Mkulu wa Milatho: Mwaona? Madigiri ndi ma radian ndi units. Ndanena kale ine kuti ndi units. Komanso akanakhala woloweza kuti sin 30 ndi theka, monga tinkachitira ife ndi matebulo a masamu, akanaona tsiku loyamba. Calculator yaononga ana.

Wa Magetsi: Munati magalamu, Bambo. Zili pamwambapa, aliyense akuziona. Mtsikanayu ndiye wagwira ntchito, muyamikireni.

Mkulu wa Milatho: Wachita bwino mwanayo, sindikukana. Koma free body diagram ajambulebe. Mayeso akadzabwera ndi pulley ndi mabokosi awiri, batani la SHIFT silidzamupulumutsa.

Ndinabwereza: Ine ya integration ija inalibe batani lililonse.

Membala wosatchula dzina: Achemwali a Chaka Chachitatu, calculator ndabwereketsa kwa mmodzi wa anyamata a pagulu aja ndipo sakuyankha foni. Akabweza madzulo ndiyang'ana kachilemboko. Funso lake ndi lomwelo, 30 ndi 0.2, manja akunjenjemera pamene ndikulemba izi. Koma pali masamu ena awiri a pulley omwe mulibe angle, ndipo nawonso sakutuluka.

Chaka Chachitatu: Alembeni pano onse awiri, mawu ndi manambala monga alili m'buku. Ndili pa intaneti mpaka 9 koloko.