Manambala akuthawa ndikachepetsa dx pa equation ya kutentha

wa_thermal: Akuluakulu, ndithandizeni, chifukwa ndatha masiku awiri pa vuto limodzi ndipo lipoti likufunika sabata ino. Ndikuwerengera momwe kutentha kumayendera mu ndodo yachitsulo ndi finite difference ya explicit (kugawa ndodo m'timagawo n'kuwerengera kutentha kwa sitepe yotsatira mwachindunji kuchokera pa manambala a sitepe yapano) mu Python. Alpha, muyeso wa momwe kutentha kumafalikira m'chitsulo, ndi 1.2e-5 m²/s, ndipo dt, kutalika kwa sitepe ya nthawi, ndi masekondi 0.1. Pamene dx, mtunda wa pakati pa ma node (malo owerengerapo kutentha pa ndodo), inali mamilimita 2 zonse zinkayenda bwino, koma nditaichepetsa kufika pa milimita 1 kuti yankho lilondole kwambiri, manambala anayamba kukwera ndi kutsika pa ma node oyandikana mpaka kutulutsa NaN, kutanthauza kuti yankho si nambalanso. Boundary, kutentha komwe ndinaika kumapeto kwa ndodo, ndaiona kangapo, ilibe vuto.

injiniya_wamakina: Achimwene, vuto silili mu code yanu. Werengani r, yomwe ndi alpha kuchulukitsa ndi dt, kugawa ndi dx wochulukitsidwa ndi iye mwini. Poyamba r inali 0.3, koma tsopano yafika pa 1.2, pomwe njira ya explicit imafuna kuti isapitirire 0.5. Mukadula dx pakati, dt iyenera kuchepa kanayi, choncho musapitirire masekondi 0.04.

mkulu_wa_masamu: Zimenezo n'zoona, koma ine ndikufunsa china. Kodi yankho la mamilimita 2 lija, lomwe mukuti linali bwino, munaliyerekeza ndi chiyani? Ndodo yokhala ndi kutentha kokhazikika kumapeto onse awiri ili ndi yankho lodziwika la Fourier series (formula ya masamu yopereka yankho lenileni), ndipo musanakhulupirire graph iliyonse muyenera kuyamba mwayesa pulogalamu yanu pa limenelo.

wa_CFD: Ine ndikadasiya explicit n'kupita ku Crank–Nicolson, njira yomwe John Crank ndi Phyllis Nicolson anafalitsa mu 1947 pa vuto lomweli la kutentha. Siiphulika ngakhale dt ikule, ndipo matrix yake (tebulo la manambala a ma equation) ndi tridiagonal, yokhala ndi manambala pa mizere itatu yopendekera yapakati yokha, yomwe njira yotchedwa Thomas algorithm imamaliza mwachangu. Komabe chenjerani: ngati kutentha koyambira kukudumpha mwadzidzidzi pa boundary ndipo r ndi yaikulu, mudzaona timafunde tosatha msanga pafupi ndi malo amenewo. Ambiri amayamba ndi masitepe ochepa a njira ina yotchedwa backward Euler kuti timafundeto tife.

mkulu_wa_masamu: Apa ndi pomwe pali ngozi yaikulu. Njira ya explicit ikalakwa imakuwa ndipo aliyense amamva, koma ya implicit, monga Crank–Nicolson, imatulutsa mzere wosalala wokongola ngakhale dt ili yaikulu mopitirira muyeso. Kusaphulika si kulondola. Zaka zapitazo ndinawunika ntchito ya wophunzira wina yemwe anatha miyezi itatu akulemba zotsatira, koma alpha anaiika mu mamilimita pomwe dx inali mu mamita, ndipo palibe anazindikira chifukwa graph inkaoneka bwino. Yerekezani kaye ndi Fourier.

wa_zomangamanga: Izi zikundikumbutsa za Sleipner A, nsanja yokumbira gasi panyanja ku Norway. Mu August 1991 maziko ake a konkire anamira mu Gandsfjord pafupi ndi Stavanger pa nthawi yoyesa, ndipo ofufuza anapeza kuti mesh ya finite element (kagawidwe ka mazikowo m'timagawo powerengera pa kompyuta) inali yosayenera pa makoma a tricell, timipata ta ngodya zitatu pakati pa zipinda za konkire, mwakuti shear stress, mphamvu yong'amba khoma, inawerengedwa yochepa ndi pafupifupi 47 peresenti. Pulogalamuyo sinatulutse NaN, inapereka manambala ooneka abwinobwino.

wa_thermal: Zikomo nonse. Ndaika dt pa 0.04 ndipo kuphulika kwasiya, koma ndikufuna kufika pa mamilimita 0.25, ndipo pamenepo masitepe achuluka kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Komanso ndodoyi imafika madigiri 700 a Celsius, ndiye alpha sikhala yofanana ponseponse. Kodi r ndiiwerengere pa alpha iti?

wa_CFD: Pa explicit tengani alpha yaikulu kuposa zonse, yomwe pa carbon steel imakhala kumbali yozizira. Koma samalani kwambiri pamwamba pa madigiri 700, chifukwa specific heat, kutentha kofunika kuti chitsulo chikwere ndi digiri imodzi, imakwera modzidzimutsa chitsulo chikamasintha kapangidwe ka mkati, ndipo dt yaikulu ikhoza kulumpha nsonga imeneyo osaiona.

mkulu_wa_masamu: Achimwene, funso langa simunayankhebe. Ikani alpha yosasintha, yerekezani ndi Fourier pa dx zitatu zosiyana, ndipo muone ngati cholakwika chikuchepa kanayi nthawi iliyonse mukadula dx pakati. Chikapanda kutero, za alpha yosinthasintha zidikire kaye.