Machenjezo a pa foni nthawi ya mvula: nanga magetsi akathima timatani?

Bambo a Tadala, Chilobwe:
Moni nonse. Ndili m'komiti ya m'dera lathu kuno kunsi kwa phiri la Soche. Dzinja layandikira, ndipo anthu akayang'ana phirili mitima sikhala m'malo chifukwa cha matope ndi miyala zimene zinatsika mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy. Tinatsegula gulu la WhatsApp loti tizigawana machenjezo a nthambi yoona za nyengo, koma ambiri kuno ali ndi mafoni a mabatani, ena bandulo amagula ya tsiku limodzi. Mvula ikalimba magetsi amathima, mafoni n'kutha moto. Amene muli ndi njira yogwiradi ntchito kwanuko, tithandizeni.

Nabanda, Chikwawa:
Bambo, pepani ndi zimene munaona chaka chimene chija. Kuno kuchigwa foni timaidalira, koma osati yokha ayi. M'mphepete mwa mtsinje muli mlingo wopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Madzi a mtsinje wa Mwanza akafika pachikasu kumtundako, wowerenga mlingo amaimbira wa komiti kuno kumunsi. Kuimba, osati kulemba, chifukwa uthenga wolemba munthu amauona kutacha. Wa komitiyo amatenga chimkuzamawu, anyamata n'kumaliza ntchito ndi mawenzulo khomo ndi khomo. Foni ya komiti imatchajidwa pa sola ndipo mayunitsi ake sitiimbira nawo za maliro kapena za mpira, tinagwirizana choncho. Koma musatengere zathu zonse. Ife madzi amatipatsa mpata wonyamula ana ndi mbuzi, pomwe matope a m'phiri sadikira munthu. Inu muzisamuka chenjezo likangomveka, kusanade.

Achimwene a Mapu, Lilongwe:
Akuluakulu, ndiwonjezereko. WhatsApp isakhale msana wa dongosolo lanu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo mukudziwa mmene kuthima kunavutira. Nsanja za netiweki nazonso zimadya magetsi. SMS ndi kuimba zimadutsa ngakhale intaneti ikutsimphina, ndiye lembani manambala a anthu khumi odalirika papepala, aliyense akhale ndi nyumba zake zoti akagogode.

Chimene mungachite panopa dzuwa likadali kuwala ndi mapu. Tengani achinyamata awiri a mafoni apamwamba ayende dera lonse, azijambula ngalande zotsekeka ndi zinyalala, timilatho toola, nyumba zimene zili m'njira ya madzi, n'kuika malo a zonsezo pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense atha kuwonjezerapo, ndi aulere. Mukapita nazo kukhonsolo zithunzi zili ndi malo ake enieni, nkhani imamveka msanga kusiyana ndi kungodandaula pakamwa. Za madroni, tindege topanda woyendetsa m'kati, anthu amazitchula kwambiri, poti boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ku Kasungu mu 2017, kenako sukulu yophunzitsa za madroni ya African Drone and Data Academy mu 2020. Amathandiza ndithu kuona kumene msewu waduka ndi kumene anthu atsekeredwa, koma m'chimvula champhepo sauluka. Ntchito yawo ndi ya mvula isanabwere kapena itakata.

Mayi a Chisomo, Ndirande:
Zonsezo n'zabwino, koma uthengawo uzinena kopita. Mawu oti "samukirani kumtunda" ndi a anthu a ku Nsanje. Wa ku Chilobwe mukamuuza choncho ndiye kuti mukumutumiza kumene kukuchokera miyala. Tchulani sukulu kapena tchalitchi ndi dzina, ndi amene akusunga kiyi. Chinanso, amuna ambiri amakana kuchoka poopa akuba. Mukapanda kukonza zoti ena azilondera katundu, foni ilira mpaka kutopa, munthu ali phee m'nyumba.

Bambo a Tadala, Chilobwe:
Zikomo nonse. Za kiyi ndi za alonda ndikazitula pamsonkhano Loweruka pamaso pa amfumu. Achimwene a ku Lilongwe, mapuwo amatheka kuwasindikiza papepala lalikulu loti tikhome kusukulu? Agogo ambiri kuno pa foni sangaone kanthu.