Kodi mawu akuti tremor amatanthauza chiyani, ndipo m'Chicheki ndi m'Chisilovaki amati chiyani?

Womasulira:
Ndikupempha thandizo kwa inu odziwa zinenero. Ndikumasulira kapepala kofotokoza mankhwala, ndipo pa mndandanda wa zovuta zimene mankhwalawo angabweretse palembedwa mawu akuti tremor. Mbali ya Chicheki ya kapepala komweko yalemba třes, ya Chisilovaki yalemba tras, koma dikishonale yanga yandipatsanso otřes ndi chvění. Kodi mawu onsewa ndi amodzi?

Mphunzitsi wa zinenero:
Si amodzi ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanalembe. Tremor anachokera ku mneni wa Chilatini wakuti tremere, kutanthauza kunjenjemera, ndipo kuchipatala amanena za kunjenjemera kobwerezabwereza kwa chiwalo kumene mwini wake sakufuna, kumene ife timati manjenje. Choncho třes ndi tras ndiwo olondola. Amachokera ku mneni třást se m'Chicheki ndi triasť sa m'Chisilovaki, ndipo dziwani kuti Chisilovaki chilibe chilembo cha ř.

Otřes, kapena otras m'Chisilovaki, ndi kugwedezeka kwadzidzidzi, monga nthaka ikagwedezeka. Madokotala a ku Czech akanena kuti otřes mozku amatanthauza kuvulala kwa ubongo munthu akagunda mutu mwamphamvu. Mukalakwitsa pamenepa mudzaopseza wodwala pachabe. Chvění ndi kunjenjemera kopepuka, monga kwa mawu kapena kwa tsamba.

Namwino wopuma:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiwonjezere zimene ndaziona ndi maso. Wodwala matenda a Parkinson, amene James Parkinson anawafotokoza mu 1817, dzanja lake limanjenjemera ali chikhalire, lili pantchafu, kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi pa sekondi, ndipo akayamba kugwira kanthu limachepako. Kumeneku Acheki amati klidový třes. Wina amakhala bwinobwino ali phee, koma akangonyamula kapu kupita nayo kukamwa madzi amatayikira pamalaya, ndipo umenewu ndi esenciální třes. Samalaninso ndi mawu a Chisilovaki akuti triaška, chifukwa amanena za kunjenjemera kwa munthu wozizidwa thupi likutentha.

Womasulira:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ndilemba kuti kunjenjemera kwa manja.

Namwino wopuma:
Musatchule manja okha, bambo, popeza kapepalako sikanatero. Mutu, chibwano ngakhale mawu amathanso kunjenjemera, ndipo wodwala amene mutu wake wayamba kutero ayenera kudzizindikira akamawerenga.