Funso: ku Skyline Drive tipite sabata iti kuti amayi akapeze masamba asanayoyoke?

Abale ndi alongo a mbali ya Virginia ndi Maryland kuno ku America, ndigawireni nzeru. Amayi anabwera mu Meyi kudzandithandiza kulera khanda, ndipo tikiti yawo yobwerera ndi ya pa 2 Novembala. Miyezi yonseyi chomwe aona ndi khitchini yanga, tchalitchi ndi golosale basi. Ndikufuna asananyamuke ndikawayendetse ku Skyline Drive, msewu uja wodutsa pamsana pa mapiri a Blue Ridge mu Shenandoah National Park, akaone mitengo itafiira.

Vuto langa ndi tsiku. Kuntchito andilola Loweruka limodzi lokha mu Okutobala, ndisankhe la sabata yachiwiri kapena lachinayi. Mapu olosera nthawi yomwe masamba afiire ndaona awiri pa intaneti, koma sakugwirizana. Chaka chatha ndinawakhulupirira, tinapita ndi bambo a kunyumba kumapeto kwa mwezi. Kufika ku Big Meadows, malo ena okwera a pamsewuwo, mitengo ili mbulanda, masamba onse ali pansi, chifunga chili bii. Mpunga wathu tinadyera m'galimoto, madola 30 olowera anapita choncho.

Eni ake ulendowu akungondiseka. Akuti kwathu ku Dedza mombo ukafiira ndiye kuti ukuphukira, mvula yayandikira, nanga anthu akuno akuthamangira chiyani masamba oti akufa? Komabe chitenje chojambulitsira asita kale. Amene munapitako, ndisankhe liti?

Achimwene a ku Charlottesville: Achemwali, mapuwo musalimbane nawo. Msewuwu ndi wa mamailosi 105, kuchokera ku Front Royal mpaka ku Rockfish Gap, ndipo umakwera nkumatsika. Cha ku Skyland umafika mafiti 3,680, pomwe ku Front Royal ndi kumunsi kwenikweni. Masamba amayamba kusintha pamwamba pozizira, kenako nkumatsetsereka pang'onopang'ono, choncho palibe tsiku limodzi lokomera msewu wonse. Chaka chatha simunalakwitse tsiku, munalakwitsa malo. Mukasankha sabata yachiwiri, lowerani pachipata cha Thornton Gap, msewu wa 211, mulunjike kummwera kudutsa Skyland mpaka ku Big Meadows pa mailosi 51. Mukasankha yachinayi, khalani chakumunsi, pakati pa Front Royal ndi Thornton Gap. A paki amalembanso sabata ndi sabata momwe masamba alili, ndi zithunzi zomwe. Amenewo ndiwo ndimawamvera, chifukwa amanena zimene aona ndi maso.

Aphunzitsi ena a ku Baltimore: Ndiwonjezereko. Usiku ukayamba kutalika, mtengo umaleka kupanga zobiriwira zija, ndiye chikasu chimene chinalimo kale chimaonekera. Kufiira kumachokera ku shuga wotsalira m'tsamba, ndipo kumawala bwino kukakhala dzuwa masana, usiku nkumazizira. Kukachita chilala masamba amangouma nkugwa msanga. Masamba a mitengo ya mapulo (maple) ndiwo amafiira psuu, ndipo amafulumira. A mitengo ya oak, yomwe ndi yambiri kumeneko, amachedwa, koma mtundu wake ndi wonga wa fodya wouma. Wolosera sangadziwiretu mphepo ya usiku umodzi yomwe imakuntha phiri lonse. Ine ndikanakhala inu ndikanafulumira. Tsamba lobiriwira pang'ono likadali mumtengo amayi aliona, lapansi ayi.

Ankolo a ku Silver Spring: Koma abale, mafuta onsewo kukaona masamba? Kwathu timasesa nkutentha 😂

Mayi wina wa ku Fairfax: Ankolo asiyeni, iwowa tinakumana nawo komweko ali kalikiliki kujambula. Achemwali, Loweruka la Okutobala mzere wa magalimoto pachipata cha Front Royal umatalika zedi. Ife tinafika cha m'ma 11, mwana analira mpaka kusasa mawu tisanalowe nkomwe. Nyamukani kusanache. Liwiro lololedwa ndi mamailosi 35 pa ola, ndiye msewu wonse ndi maola atatu osaima, ndi khanda musayerekeze. Thiranitu mafuta kumunsi, netiweki imavutanso. Agogo muwavekeretu jekete ndi chipewa, pamwamba paja mphepo yake imalowa m'mafupa. Agwape amangodumphira mumsewu, bambo aziyendetsa mofatsa.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ndauza abwana kuti nditenga la sabata yachiwiri, tilowera pa Thornton Gap monga anenera achimwene. Katsala kamodzi: amayi mawondo amawavuta, zokwera miyala sangathe. Pakati pa Thornton Gap ndi Big Meadows, ndi poimikira pati pamene munthu angaone chigwa bwinobwino atangotsika m'galimoto? Nanga zimbudzi zili pafupi ndi pati?