Kodi munthu amene bala lake silinapole angatsogolere sukulu ya m'tauni?

Mayi wa ku Salima analemba:

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, ndikupempha nzeru zanu. Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale m'tauni ya Salima, ndipo udindowu ndinaulandira patangopita miyezi yochepa bambo a kunyumba atatisiya. Ana ndi ochuluka kuposa zipinda, makolo ambiri ndi a geni mumsika kapena a kabaza, ndipo mwana amene munamulemba m'kaundula kumayambiriro kwa chaka mumangomva kuti anasamukira ku Senga Bay kapena ku Chipoka popanda wodzatsanzika. Ntchitoyi ndimaikonda, koma pali masiku ena amene ndimatsegula buku la ndalama za sukulu, maso ali pa manambala koma mtima uli kumanda.

Mng'ono wanga, pofuna kundilimbitsa mtima, anandiuza za aphunzitsi ochokera ku Philippines amene anakhazikika ku America, nati ena mwa iwo anafika poyendetsa sukulu za m'mizinda yovuta atadutsa m'ngongole, m'matenda ndi m'maliro. Ndikufuna kudziwa kuti anthu amenewa anafika bwanji kumeneko, ndiponso chimene chinawachirikiza pamene zinthu zinathina. Koma funso limene likundisowetsa tulo ndi ili: kodi ndikuwachitira chilungamo ana pokhalabe pampandowu, kapena ndilembe kalata yopempha kuti andibwezere m'kalasi?

Mphunzitsi wa Mbiri ku Dwangwa anayankha:

Amayi, pepani ndi zimene zinakugwerani. Funso lachiwirilo ndisiyira akuluakulu. Ine ndiyankhe la mbiri.

Ubale wa aphunzitsi a ku Philippines ndi dziko la America unayamba kalekale. Mu 1898 dziko la Spain linapereka zilumbazo m'manja mwa America, ndipo mu 1901 sitima yotchedwa Thomas inafika ku Manila itanyamula aphunzitsi a ku America oposa 500, amene anamwazikana m'zigawo kukhazikitsa sukulu za boma zophunzitsa m'Chingerezi. Dzikolo linalandira ufulu mu 1946, koma Chingerezi ndi kayendetsedwe ka sukulu zinatsalira. Patapita zaka pafupifupi 100 zinthu zinatembenuka: mizinda ya ku America itasowa aphunzitsi a masamu, a sayansi ndi a ana a ulumali, inapita kukawatenga ku Manila komweko. Mzinda wa Baltimore unayamba kutero mu 2005 ndipo unalemba ntchito aphunzitsi mazana angapo. Lero anthu a ku America a mtundu wa Chifilipino aposa 4 miliyoni.

Koma tisamaione nkhaniyi ngati ya mwayi wokhawokha. Ku Louisiana aphunzitsi pafupifupi 350 anasumira kampani imene inawapezera ntchito, chifukwa aliyense analipitsidwa ndalama zofika madola 16,000, ndipo ambiri anachita kukongola pa chiwongoladzanja chonga cha katapila. Mu 2012 khoti linagamula kuti apatsidwe madola 4.5 miliyoni. Ku Prince George's County, m'chigawo cha Maryland, boma linalamula mu 2011 kuti aphunzitsi ochokera kunja oposa 1,000, ambiri a iwo Afilipino, abwezeredwe madola 4.2 miliyoni amene anawalipitsa mosayenera. Chomvetsa chisoni n'chakuti chilango chomwecho chinaletsa ofesi ya maphunziro ya deralo kuwatengera ziphaso zatsopano zogwirira ntchito m'dzikolo kwa zaka 2, motero ambiri anataya ntchito ngakhale kuti olakwiridwa anali iwowo.

Ndatchula milanduyi chifukwa cha mmene inathekera. Mphunzitsi mmodzi, wokhala m'dziko la eni ndi chiphaso chimene chili m'manja mwa abwana, sakanayerekeza kusuma. Aphunzitsi a ku Louisiana aja anasonkhana, anapita ku bungwe la aphunzitsi, ndipo maloya anawayankhulira. Mng'ono wanu wanena zoona kuti anapirira, koma sanapirire aliyense payekha.

Mlongo wa ku Linga anayankha:

Achemwali, ndakumvani, ndipo Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi ana. Ine kwathu ndi ku Linga kuno ku Nkhotakota, koma ndinakhalapo ku Maryland, kumene ndinkagwira ntchito yothandiza aphunzitsi m'kalasi la ana aang'ono. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu anali mayi wobadwira ku Philippines amene anapita ku America ali mtsikana, ndipo dzina lake sinditchula. Sukuluyo inali m'dera la anthu osauka, kumene ana ambiri ankadya chakudya chaulere cha pasukulu, ndipo inkalandira ndalama zapadera zimene boma la America limapereka ku sukulu zotere kuyambira mu 1965, zotchedwa Title I. Musaganize kuti umphawi wa kumeneko ndi wopepuka. Kunali ana ogona m'nyumba za anthu osowa pokhala, ana amene bambo awo ali kundende, ndi ana osintha sukulu kangapo chaka chimodzi chifukwa mayi alephera lendi. Kusamukasamuka mukukunenaku n'komweko.

Mayiyo anadwala khansa ali paudindo, ndipo pa nthawi yomweyo mayi ake anamwalira ku Philippines, iye osatha kupita kumaliro. Lamulo la kumeneko la mu 1993 limalola wantchito kupuma masabata 12 chifukwa cha matenda aakulu popanda kutaya ntchito, ngakhale kuti lamulolo silikakamiza abwana kumulipira. Iye anapuma. Chimene sindidzaiwala ndi zimene anachita asanachoke. Anatiitana tonse, mpaka ophika ndi osesa, natiuza poyera kuti akudwala, popanda kufotokoza zambiri. Kenaka anatulutsa pepala limene analembapo ntchito zake zonse, ndipo pambali pa ntchito iliyonse panali dzina la munthu. Wachiwiri wake anatenga za ndalama ndi za ku ofesi ya maphunziro. Mphunzitsi wina wachikulire anatenga milandu ya ana. Mlembi anapatsidwa kiyi wa kabati ina imene ambiri sitinkaidziwa, mmene munali majuzi, masokosi, sopo ndi miswachi, zimene mayiyo ankapatsa ana mwakachetechete m'mawa kuti asachite manyazi pamaso pa anzawo.

Atabwerera anali atawonda, atavala duku, ndipo ankaweruka masana. Ntchito zambiri sanazilandenso. Anasunga ziwiri zokha zimene ankati palibe angamugwirire: kuima pakhomo m'mawa kulonjera mwana aliyense pomutchula dzina, ndi kulowa m'makalasi kukaona kaphunzitsidwe. Anthu a kutchalitchi chake, Afilipino anzake, ankasinthana kumuphikira ndi kumuperekeza kuchipatala, ndipo iye sankabisa kuti amakaonana ndi phungu wa za maganizo.

Kunena zoona, sukulu sinasanduke yabwino koposa chifukwa cha matenda akewo, ndipo zotsatira za mayeso zinangokhala pakatikati monga kale. Koma sinagwe. Aphunzitsi amene kale ankadikira kuuzidwa chilichonse anaphunzira kugamula nkhani okha, ndipo mmodzi mwa iwo pambuyo pake anapatsidwa sukulu yakeyake. Choncho ine ndikuti musafulumire kulemba kalatayo. Yambani mwalemba pepala ngati lija, muone kuti pa ntchito zimene zikukulemerani ndi zingati zimene zikufunadi dzanja lanu.

Mlangizi Wopuma ku Khombedza anayankha:

Mwana wanga, ndinagwira ntchito ya ulangizi wa sukulu m'zoni kwa zaka zambiri, ndipo aphunzitsi aakulu anamfedwa ndawaona ambiri. Mawu a mayi a ku Linga ndi abwino, koma ndikufuna kuikapo chenjezo, chifukwa Maryland si Salima. Mnzathu wa ku Philippines uja anali ndi mlembi, ophika, phungu ndi wachiwiri amene alibe kalasi. Inu wachiwiri wanu ali ndi Sitandade 8 imene ikudikira mayeso a MANEB, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 1 mwina akuyang'anizana ndi ana oposa 100, pamene cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Kuyambira mu 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, sitinapezebe mpumulo. Mukangotula katundu yense pamutu pa aphunzitsi otopa kale, adzayamba kung'ung'udza kuseri, ndipo chifundo chimene ali nacho pa inu chidzatha msanga.

Thandizo lanu lili kwina. Muli ndi komiti ya sukulu, muli ndi PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), muli ndi gulu la amayi. Kulondola mwana amene wasowa m'kalasi, kaya wapita kukayanika usipa kunyanja kaya akugulitsa mandasi padepoti, si ntchito yoti muziyenda nokha. Amayi a gulu lija amadziwa khomo lililonse, ndipo mayi mnzawo amawamvera kuposa kalata ya ku ofesi. Za njerwa, zimbudzi ndi mlonda zisiyeni kwa apampando a komiti. Mafumu, abusa ndi mashehe muwaitane kumsonkhano umodzi, chifukwa m'madera athu a kunyanja kuno nkhani ya kujomba siitheka popanda iwo. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sanati mutu wa namfedwa wokha ayi.

Chinthu chimodzi musachipereke kwa wina aliyense: buku la ndalama. Apa ndikusiyana ndi chitsanzo cha ku America chija. Ndaona aphunzitsi aakulu amene pa nthawi ya chisoni ankangosaina chilichonse chimene awaikira patebulo, ndipo pamene ofufuza za chuma anafika, dzina limene linali pamapepala linali lawo. Ngati maganizo sakukhazikika, sankhani tsiku limodzi pa sabata, m'mawa mutu usanatope, mukhale ndi msungichuma wa komiti ndi wachiwiri wanu, muwerenge malisiti mokweza mmodzimmodzi.

Pitaninso kwa mlangizi wa zoni yanu ku TDC (malo osulira aphunzitsi a m'zoni) mukamuuze mmene zilili, asanamve kwa anthu ena. Za tchuthi chimene mungaloledwe akuuzeni ndi a ku ofesi ya maphunziro paboma. Ndipo ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena mukuona kuti moyo ulibenso phindu, imeneyo si nkhani ya utsogoleri ayi, ndi ya kuchipatala. Kachipatala ka boma kangakutumizeni kwa odziwa za maganizo, ndipo ku Lilongwe kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyo. Kubwerera m'kalasi si chamanyazi, ndipo ndinavomerezapo ena kutero, koma ndinkawapempha kuti ayambe aona teremu imodzi atagawa ntchito, kenaka agamule.

Mphunzitsi wa Mbiri ku Dwangwa anawonjezera:

Agogo anena zoona pa za ndalama. Ndingowonjezera kuti ana amaona zambiri kuposa mmene timaganizira. Pa sukulu ya m'tauni ngati yanuyo pali ana amasiye m'kalasi lililonse, ndipo ena a iwo anabwerera kusukulu tsiku lotsatira maliro popanda wowafunsa kanthu. Sindikunena kuti muziwafotokozera chisoni chanu, koma mphunzitsi wamkulu amene akudziwa kulemera kwa sabata yoyamba ija angakhazikitse lamulo laling'ono lakuti mwana aliyense wobwera kuchokera kumaliro a kholo aonane ndi mphunzitsi mmodzi wosankhidwa, ndipo asadzudzulidwe chifukwa cha yunifolomu kapena ntchito imene sanalembe.

Mayi wa ku Salima anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka agogo a ku Khombedza, chifukwa mwanditchulira chinthu chimene ndinkachiopa osachinena. Kalata ija sindilemba teremu ino. Lolemba ndikumana ndi apampando a komiti ndi amayi a gulu, ndipo Lachitatu m'mawa ndaliika kukhala tsiku la malisiti. Pakhomo m'mawa ndiyamba kuimapo, ngakhale kuti maina a ana onse sindingawathe msanga.

Achemwali a ku Linga, ndifunseko chimodzi. Pamene mayi uja anauza antchito ake za matenda, kodi makolo anawauzanso, kapena anangomva okha? Kuno makolo onse anabwera kumaliro ndipo akudziwa, koma sindikudziwa ngati ndiyenera kunena pamsonkhano wa PTA kuti ntchito zina ndazipereka kwa anzanga, kuopa kuti ena angamve ngati ndalephera.

Mlongo wa ku Linga anayankhanso:

Anawauza, achemwali, koma za matenda sanatchule. Anatumiza kalata yaifupi yonena kuti wa vuto lakutilakuti aonane ndi uje, wa vuto linalo aonane ndi uje, ndipo makolo anakondwa chifukwa anasiya kudikira pamzere pakhomo la ofesi imodzi. Inunso pamsonkhanopo muwaimiritse anthuwo mmodzimmodzi, mutchule ntchito ya aliyense ndi tsiku limene amapezeka, ndipo mlembi wa PTA alembe zonsezo papepala limene limatidwe pachitseko cha ofesi.